Préalable: Liwu Limene Lidachedwetsa Mtendere ku Algeria

M'Chifalansa muli liwu loti préalable, lopangidwa kuchokera ku pré-, kutanthauza "patsogolo", ndi mneni aller, "kupita". Limanena chinthu choyenera kuyamba chachitika zina zisanatsatire. Limagwira ntchito ngati mfotokozi, monga m'mawu oti autorisation préalable, chilolezo chimene munthu amatenga asanayambe ntchito, komanso ngati dzina. M'nyumba ya malamulo ya ku Paris, question préalable ndi pempho loti bilu isakambidwe n'komwe. Apa liwu lomveka ngati lodikiritsa lasanduka lokaniza, ndipo nkhondo ya ku Algeria idalidziwa m'tanthauzo limeneli.

Nkhondoyo idabuka pa 1 Novembala 1954. M'chaka cha 1956 nduna yaikulu ya France, Guy Mollet, idayala ndondomeko yake: kuleka kumenyana, kenako chisankho, pomaliza zokambirana. Gulu la FLN, pamsonkhano wake wa ku Soummam mu Ogasiti chaka chomwecho, lidatembenuza ndondomekoyo: France iyambe yavomereza ufulu wodzilamulira wa Algeria, mfuti zidzatsike pambuyo. Mbali iliyonse idaika pakhomo chimene inzake ikadapereka potuluka. FLN idali ndi chifukwa chomveka, pakuti gulu la zigawenga likatula zida limatsala lopanda chokambira.

Charles de Gaulle adalonjeza pa 16 Seputembala 1959 kuti anthu a ku Algeria adzasankha okha tsogolo lawo, komabe zokambirana za ku Melun mu Juni 1960 zidagwa m'masiku ochepa, France ikuumirirabe kuti nkhondo iyambe yaima. Pofika ku Evian mu Meyi 1961 mfundoyo idali itasiyidwa: nthumwi zidakhala pansi FLN isadatule zida. Nayo FLN idalola kuti ufulu udzere m'chisankho. Koma padatsala chopinga china, chipululu cha Sahara, kumene kudali mafuta a ku Hassi Messaoud ndi malo oyesera mabomba a nyukiliya ku Reggane. Zokambirana za ku Lugrin zidathera pamenepo mu Julayi, mpaka de Gaulle adagonja pa 5 Seputembala.

Louis Joxe ndi Krim Belkacem adasainira mgwirizano wa Evian pa 18 Malichi 1962. Kumenyana kudaletsedwa tsiku lotsatira, chisankho chidachitika pa 1 Julayi, ndipo France idavomereza ufuluwo pa 3 Julayi. Zokambirana zimene Mollet adaziika kumapeto ndizo zidayambirira.