Swichi yosayatsa nyale

Mnyamata wina wokonza mafoni pa kathebulo ku Chawama, amene madzulo amakaphunzira za mawaya, anandiimitsa ndi funso. Aphunzitsi awo anati munthu akaimba foni, mawu ake amadutsa pa switch. "Nanga bambo, swichi imeneyo amaiyatsa ndani usiku wonse?" Sindinamuseke. Swichi imene tonse timaidziwa ndi ya pakhoma: ukadina nyale yayaka, ukadinanso yazima.

Koma ya lamya siyatsa kanthu, imasankha njira. Kale ntchitoyi inali ya munthu wokhala pa bolodi la timabowo, kumasomeka chingwe cha woimba pa bowo la woimbiridwa, ndipo zinayamba kusintha pamene Almon Strowger wa ku Kansas City, yemwe ankadyera ntchito yokonza maliro, analembetsa makina ake mu 1891. Lero ndi kompyuta. Imayamba yawerenga mutu wa nambala: ikaona 097 imadziwa kuti ndi ya Airtel, 096 ya MTN, 095 ya Zamtel, 0211 ndi lamya ya pansi ya mu Lusaka, ndipo ikaona +265 imatulutsira mawuwo ku Malawi. Ikatero imafufuza m'kaundula kuti mwini nambalayo ali pafupi ndi nsanja iti panopa.

Ena amati tiitchule "cholumikizira". Ine ndimakana. Chingwe chimalumikiza, pulagi imalumikiza, ngakhale ankhoswe amalumikiza. Mawuwo sakunena za kusankha. Ndimakonda "mphambano". Wochokera ku Kanyama kupita ku Mtendere amatsikira kaye m'tauni n'kukwera basi ina, ndipo foni nayo n'chimodzimodzi: ngakhale mukuimbira mnansi wa kuseri kwa mpanda ku George, mawu anu amakwera pansanja, kukafika pamphambano, n'kubwerera. Tikavomereza mawu amenewa, anzake amabwera okha. Routing ndi "kulondolera", monga tilondolera mlendo, ndipo njira yachiwiri imene akatswiri amaisunga kuti yoyamba ikadzaza kapena ikaduka mawu asaime, ndi "njira yolambalala".

Si kuti ndimadana ndi mawu obwereka. "Netiweki" yakhazikika ngati sitolo ndi sukulu, ndipo woithamangitsa angotopa. Vuto lake ndi dyera: imameza zonse. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumasowa tsiku lonse, nsanja zinkatha mabatire, anthu n'kumati netiweki yavuta. Usiku wolowa chaka, Matero yense akaimba nthawi imodzi njira n'kudzaza, akutinso netiweki yavuta. Katswiri akalakwitsa mzere umodzi pa ndandanda wa njira, moti manambala a kampani imodzi yokha sakulowa pamene ena onse akulowa bwinobwino, mawu ake ndi omwewo. Awa ndi matenda atatu, woyamba wofuna dizilo, wachiwiri njira zowonjezera, wachitatu munthu wa maso akuthwa. Wodandaula akanatha kunena kuti "nsanja yazima" kapena "mphambano ikusocheretsa", wokonza akanadziwa koyambira.

Nanga mawu otere angaphunziridwe kuti? Mu 2014 boma linalamula kuti ana a mu Lusaka aziphunzira m'Chinyanja kuyambira giredi 1 mpaka 4, kenako Chingerezi chitenge malo. Ndiye kuti chinenero chathu chinkatsitsidwa m'basi ulendo usanafike pa magetsi ndi mawaya, kenako anthu n'kumadabwa kuti chilibe mawu a sayansi. Bungwe la boma la ZICTA limagawa manambala a foni mwadongosolo. Wogawa mawu palibe. Mwinanso n'zabwino, pakuti komiti sinakhalepo pansi kuti ipange "kupeja" kwa ku Kalingalinga kapena "kuflasha" kwa ku Blantyre (kuimba n'kudula wina asanayankhe), koma mawuwo agwira kuposa ambiri a m'mabuku. Chimene ndikupempha n'chochepa: aphunzitsi a ntchito zamanja azilola mwana kufunsa m'chinenero chimene akuganiziramo.

Mnyamata uja analemba "mphambano" kuseri kwa kope lake, pansi pa mitengo ya masikirini. Makasitomala ake akunenabe kuti netiweki.