MBIRI YA MAPHUNZIRO A ANA OSAMVA NDI OCHEDWA KULANKHULA M'DZIKO LATHU

M'buku lino la chikumbutso muli mbiri zambiri za misonkhano ndi ntchito za manja athu. Ife taona kuti nkoyenera kuikamonso mbiri ya ana amene kaŵirikaŵiri amaiŵalika anthu akamakamba za sukulu, ndiwo ana osamva, ana ochedwa kulankhula ndi ana amene maphunziro amaŵavuta mwapadera. Ana otere ali m'midzi mwathu monse, ndipo woyamba kuzindikira vuto lao amakhala mai amene amaŵabereka kumbuyo.

KALE M'MIDZI MWATHU

Makolo athu ankakonda ana ao, koma za mwana wosamva sankazidziŵa bwino. Mwana akafika zaka zitatu kapena zinai osatchula ndi liu limodzi lomwe, ena ankati walodzedwa, ena ankati mai ake adalakwira mwambo ali ndi pakati, enanso ankati lilime lake ndi lomangika. Tsono ankamuyendetsa kwa asing'anga mpaka nkhuku ndi mbuzi kutha m'khola. Pamudzi ankangomutcha gonthi kapena bubu, dzina lake lenileni nkuiŵalika. Anzake akamapita ku sukulu ya mishoni, iye ankatsala akuŵeta ziŵeto kapena kulera makanda.

Komatu nzeru anali nazo monga mwana wina aliyense. Mwana amaphunzira kulankhula potsanzira zimene akumva. Amene sakumva alibe choti atsanzire, ngakhale lilime lake ndi kholingo lake zili bwinobwino. Chimene ankasoŵa mwana uja ndi chinenero choti aganizire nacho, afunsire nacho, ndi kudandaulira nacho pamene wina wamulakwira.

MKANGANO WA KU ULAYA

Kuti timvetse zimene zidachitika kwathu kuno tiyambe tayang'ana ku Ulaya, popeza aphunzitsi oyamba a ana athu osamva adachokera kumeneko, ndipo adabwera ndi maganizo a kwao.

Cha m'ma 1760 mu mzinda wa Paris, ku France, mudali wansembe dzina lake Charles-Michel de l'Épée. Iyeyu adakumana ndi atsikana aŵiri a pachibale, onse osamva, amene ankakambirana ndi manja. Adazindikira kuti zimene ankachitazo sikudali kungoloza chabe ai, koma kukamba kwenikweni. Pamenepo adatsegula sukulu yaulere ya ana osamva, naphunzira manja kwa anawo, nkumaŵaphunzitsa kuŵerenga ndi kulemba kudzera m'manja omwewo.

Koma aphunzitsi ena, makamaka a ku Germany, ankati mwana wosamva aziphunzitsidwa kutulutsa mau ndi kuŵerenga milomo ya anthu basi. M'chaka cha 1880 aphunzitsi a ana osamva adasonkhana mu mzinda wa Milan, ku Italy, nagwirizana kuti njira ya pakamwa ndiyo yopambana, manja asiyidwe. Pafupifupi onse amene adagamula nkhaniyi adali anthu akumva. Kuchokera apo m'sukulu zambiri ana ankaletsedwa kugwiritsa ntchito manja m'kalasi, ndipo aphunzitsi amene adali osamva eni ake ambiri adataya ntchito. Padapita zaka 130 kuti msonkhano wa mtundu womwewo, umene udachitikira ku Vancouver m'dziko la Canada mu 2010, unene poyera kuti chigamulo cha ku Milan chidali cholakwika ndipo chidapweteka ana ambiri.

SUKULU ZOYAMBA M'MALAŴI

Kwathu kuno ntchito yophunzitsa ana olumala idayamba ndi mipingo. Oyamba kuthandizidwa adali ana osaona. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 amishoni adatsegula sukulu ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Lulwe ku Nsanje, kumene ana ankaphunzira kuŵerenga ndi zala timadontho ta Braille.

Ana osamva adadikira mpaka dziko litalandira ufulu. M'chaka cha 1968 Abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC, ochokera ku Holland, adayamba ntchito ya ana osamva ku Montfort, kufupi ndi Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko ndiko kuli sukulu ya Mary View, ndiponso koleji imene kufikira lero imasula aphunzitsi a ana ofunika maphunziro apadera. Mu 1971 boma lidakhazikitsa bungwe la MACOHA loyang'anira anthu olumala. M'zaka za m'ma 1980 kudatsegulidwa sukulu ya ana osamva ku Mua m'boma la Dedza, ndipo mu 1994 Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP idatsegula ina ku Embangweni m'boma la Mzimba. Pambali pa zimenezi pali ya Mountain View ku Bvumbwe, ya Bandawe ku Nkhata Bay ndi ya ku Karonga.

Poyamba njira imene inkatsatidwa idali ya pakamwa ija. Ntchito yake njofuna kupirira. Mphunzitsi amakhala ndi mwana patsogolo pa galasi kuti mwanayo aone m'mene milomo ndi lilime zikuyendera. Amaika dzanja la mwana pakhosi pake kuti amve kunjenjemera kwa mau, kenaka mwanayo amagwira khosi lake nayesa kutulutsa zomwezo. Pofuna kuphunzitsa liu lotulutsa mpweya monga "pha", amaika nthenga kapena kapepala patsogolo pa kamwa kuti mwana aone kakuuluka. Amene ali ndi kumva pang'ono amapatsidwa timakina toika m'makutu tokweza mau.

Tiyenera kuŵathokoza aphunzitsi ameneŵa, pakuti ana amene anthu adaŵataya adaphunzira kulemba, kusoka, ukalipentala ndi ulimi, ndipo ena adalankhuladi. Komabe njirayi inkathandiza kwambiri amene adagontha atayamba kale kulankhula ndi amene ankamvako pang'ono. Mwana wobadwa wosamva konse ankatha zaka zambiri akulimbana ndi mau oŵerengeka, masamu ndi maphunziro ena zikumupita. Kuŵerenga milomo nakonso nkovuta, chifukwa mau ambiri amaoneka ofanana pakamwa. Tayesani kunena "bala", "pala" ndi "mala" pa galasi osatulutsa mau, muona nokha.

CHINENERO CHA MANJA

Sukulu zimenezi ndi zogonera komweko, choncho ana osamva ochokera m'maboma osiyanasiyana adayamba kukhalira pamodzi. M'nyumba zogona ndi pa bwalo la maseŵero ankakambirana ndi manja, akuluakulu nkumaphunzitsa ang'onoang'ono. Umu ndi m'mene chinenero cha manja cha Amalaŵi chidakulira. Chili ndi malamulo akeake, sichitsata Chicheŵa kapena Chingerezi liu ndi liu, ndiponso nchosiyana ndi cha maiko ena. Nkhope, nsidze ndi thupi zimathandiza manja kupereka tanthauzo.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu osamva eni ake adakhazikitsa bungwe lao la MANAD, nayamba kupempha kuti chinenero chao chilemekezedwe m'sukulu, m'zipatala ndi m'makhoti. Pang'onopang'ono aphunzitsi adayamba kuphatikiza pakamwa ndi manja. Lero timaona womasulira ndi manja pakona pa wailesi ya kanema, ndipo mu 2021 lidatuluka buku lotanthauzira mau a chinenero cha manja cha Amalaŵi. Tsiku la 23 September chaka chilichonse maiko amakumbukira zinenero za manja.

ANA ONSE M'KALASI IMODZI

Chaka cha 1994 chidasintha zambiri. Boma lidachotsa fizi ku sukulu za pulaimale, ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni. Pakati pa ana ameneŵa padali ambiri amene kale ankabisidwa kunyumba. Chaka chomwecho maiko adasonkhana ku Salamanca, ku Spain, nagwirizana kuti mwana wolumala ali ndi ufulu wophunzira pa sukulu ya kufupi ndi kwao pamodzi ndi anzake.

Pamenepo zidaoneka kuti si osaona ndi osamva okha amene amafuna thandizo. Pali ana amene amamva bwino koma mau amaŵatulukira movuta, ana achibwibwi, ana ochedwa kugwira zinthu m'mutu, ndi ena amene zilembo zimaŵasokonekera ngakhale ali ochenjera pa zina. Nchifukwa chake mu 1996 ku Montfort adayamba kusula aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira, ndipo pa sukulu zina padatsegulidwa zipinda zapadera zothandiziramo ana otere. Mu 2009 dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, mu 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loŵateteza, ndipo mu 2024 lidabwera lamulo latsopano limene lidasintha MACOHA kukhala MACODA.

Malamulo alipo, koma tonse tikudziŵa kukula kwa makalasi athu. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana odzaza chipinda sangathe kuima pa mwana mmodzi amene sakumva. Sukulu zapadera nzochepa ndipo zili kutali ndi midzi yambiri, aphunzitsi odziŵa manja nawonso ngoŵerengeka.

GAO LATHU IFE AMAI

Mbiri yonseyi ikutionetsa chinthu chimodzi. Mwana amafunika chinenero akali wamng'ono, chikhale cha pakamwa kapena cha manja. Akulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Zaka zitatu zoyamba ndizo zimene ubongo wa mwana umagwira chinenero mosavuta, ndipo zaka zimenezi mwana amakhala ndi ife, asanaonane ndi mphunzitsi. Pa ana khumi osamva, asanu ndi anai amabadwa kwa makolo akumva, amene sadziŵa poyambira.

Tsono tiziyang'anira izi. Khanda lizidzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Pofika miyezi isanu ndi umodzi lizitembenukira kumene kukuchokera mau ndi kuyamba kubwebweta. Pofika chaka mwana azidziŵa dzina lake ndi kuyesa liu limodzi kapena aŵiri. Pofika zaka ziŵiri azilumikiza mau, monga "amama madzi". Ngati sizikutero tisamangoti atate ake nawonso adachedwa. Tinene ku sikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo kuti atitumize koyeza makutu, monga ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha ABC ku Lilongwe.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse likuti pa ana khumi osamva, asanu ndi mmodzi kugontha kwao kukadapeŵeka. Zina zimene zimagonthetsa ndi chikuku, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, chikasu cha khanda, ndi mafinya a m'khutu osiyidwa nthaŵi yaitali. Choncho katemera asadumphidwe, ana agone m'masikito, ndipo khutu likayamba kutuluka mafinya tisathiremo mafuta kapena madzi a masamba, tithamangire kuchipatala.

Kunyumba tizilankhula ndi khanda pomusambitsa ndi pomudyetsa, tizimuimbira ndi kumutchulira maina a zinthu. Wosamva timuyang'ane kumaso pamalo poŵala, osamukuŵira. Wachibwibwi timudikire amalize yekha, osamumalizira mau, ndipo ana anzake tiŵaletse kumuseka. Banja lonse liphunzire manja, pakuti manja saletsa mwana kulankhula. Mtsikana wosamva atetezedwe mwapadera, chifukwa anthu oipa amadziŵa kuti nkovuta kuti akanene.

Poyendera odwala ndi okalamba m'midzi, tizifunsanso ngati pakhomopo pali mwana amene sapita ku sukulu ya mmera mpoyamba kapena ku pulaimale chifukwa cha vuto lotere. Mai ake tikhale nao pansi, tiŵaperekeze kwa aphunzitsi aakulu, ndipo kumene kukufunika thiransipoti, sopo kapena bulangete la ku sukulu yogonera tisonkhe monga tichitira pa zina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mwanayo tizimuitana ndi dzina limene adapatsidwa.



Mlembi wa Chigwirizano