Kuyenda Wapansi M'malo a Mitengo: Ubwino Wake pa Thanzi

Kuyenda ndawala ndi njira imodzi yolimbitsira thupi imene achipatala amalimbikitsa anthu odwala matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi nkhawa. Sikulira ndalama kapena zipangizo. Kuyendako kukachitikira m'paki, m'nkhalango kapena m'njira yodutsa pakati pa mitengo, kumathandizanso maganizo.

Muyezo wake

Malangizo a mu 2020 a bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mwapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 patsiku kwa masiku asanu zikukwanira pa muyezo wotsikawo, ndipo mukhoza kuzigawa: 10 m'mawa, 10 masana, 10 madzulo. Ana azaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 tsiku lililonse.

Liwiro ndi lofunika. Muziyenda moti mtima ugunde mofulumirirapo ndipo thupi litenthe, koma muzithabe kulankhula ndi mnzanu. Ngati mukutha kuimba nyimbo bwinobwino, onjezerani liwiro. Ngati mawu akukanika chifukwa cha befu, chepetsani. Amene amayenda mtunda kupita kumunda, kumjigo kapena kumsika asaganize kuti mayendedwe awowo sawerengedwa. Uthengawu ukukhudza kwambiri amene amachoka pa mpando wa minibasi n'kukakhala pa mpando wa mu ofesi, ndiponso odwala amene abale amawaletsa kudzuka powamvera chisoni.

Zimene zimachitika m'thupi

Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, n'chifukwa chake kuyenda pang'ono mukatha kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri. Pakapita milungu ingapo mukuyenda mosadumphitsa, mtima umapopa magazi mosavutikira ndipo BP imatsikako. Chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima chimachepa, tulo timabwera bwino, ndipo miyendo ya okalamba imalimba moti sagwa chisawawa.

Nanga mitengo ikuwonjezera chiyani?

Mu 1984 Roger Ulrich anafalitsa zimene anapeza pa chipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America. Odwala ochitidwa opaleshoni ya ndulu amene zenera lawo linkayang'ana mitengo ankatuluka msanga m'chipatala ndipo ankafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene ankangoona khoma la njerwa. Ku Japan, boma linayamba mu 1982 kulimbikitsa shinrin-yoku, kutanthauza "kusamba m'nkhalango": kuyenda modekha pakati pa mitengo, kumvetsera ndi kupuma mpweya wabwino. Kafukufuku wina wa mu 2019, wa anthu pafupifupi 20,000 ku England, anasonyeza kuti amene amakhala m'malo achilengedwe kwa mphindi 120 kapena kuposa pa sabata ankanena kawirikawiri kuti ali ndi thanzi labwino ndi mtima wokhazikika. Kafukufuku wotereyu amasonyeza kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Payekha satsimikizira kuti mitengo ndiyo yachiritsa. Komabe kuyesa kulibe choipa chilichonse.

Wosamalira wodwala nayenso ayenera kuganiziridwa. Kugonera pachipatala kapena kudwazika kholo kwa miyezi kumatopetsa maganizo, ndipo mphindi 20 zopitidwa mphepo kunja, wina atakugwirirani, si kutaya wodwala.

Malo alipo: Zomba Botanical Gardens, tinjira ta m'nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre, Harare Gardens, kapena Delta Park ku Johannesburg, kumene anthu amasonkhana Loweruka m'mawa kuyenda kapena kuthamanga makilomita 5 kwaulere pa pulogalamu ya parkrun. Ena mwa malowa amalipiritsa pachipata. Kumene kulibe paki, bwalo la sukulu, njira ya m'mbali mwa dambo kapena msewu wa mthunzi wa mango zimagwira ntchito yomweyo.

Zoyenera kusamala

Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Musasiye mankhwala a BP, a shuga kapena a matenda a maganizo chifukwa choti mukupeza bwino; wosintha mankhwala ndi dokotala yekha. Ngati muli ndi vuto la mtima, mwangochitidwa opaleshoni kapena muli ndi pakati povuta, funsani kaye kuchipatala.

Odwala shuga azivala nsapato zosathina ndipo aziyang'ana mapazi akabwerako, popeza dzanzi limabisa matuza ndi zilonda. Amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide azitenga switi m'thumba, kuti adye akayamba kunjenjemera kapena kutuluka thukuta lozizira. M'nyengo yotentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, yendani m'mawa, imwani madzi ndipo valani chipewa. Anthu achialubino aziphimba khungu lonse. Kukayamba kuda udzudzu umachuluka, ndipo m'malo obisika ndi bwino kuyenda awiriawiri.

Imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala msanga mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kubanika kosazolowereka, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi.