Switch ya KVM: makompyuta angapo, kiyibodi imodzi, mausi imodzi, monita imodzi

Switch ya KVM ndi kabokosi kothandiza munthu kugwiritsa ntchito makompyuta awiri kapena ochulukirapo ndi kiyibodi, mausi ndi monita zomwezo. Zilembo zitatuzi zikuimira mawu a Chingerezi otchula kiyibodi, chithunzi cha pa monita ndi mausi. M'mashopu momwe amalankhula Chipwitikizi zipangizozi amazitcha teclado, monitor ndi rato, koma kabokosiko dzina lake silisintha: KVM.

Mmene kamagwirira ntchito

Kiyibodi, mausi ndi monita zimalumikizidwa ku kabokosi. Kuchokera pamenepo, kompyuta iliyonse imalandira chingwe cha chithunzi ndi chingwe cha USB. Makompyuta onse amakhala oyaka, aliyense akugwira ntchito yake, koma pa monita pamaoneka imodzi yokha. Pofuna kupita ku ina, mumadina batani la pa kabokosi. Mitundu yambiri imalolanso kusintha pa kiyibodi, podina Scroll Lock kawiri kenako nambala ya kompyuta imene mukufuna. Pali timabokosi ta makompyuta 2, 4, 8 ngakhale 16.

Kumene kamathandiza

Mu ofesi yopanikizika, kamapulumutsa malo pa tebulo ndi ndalama zogulira mamonita. Okonza makompyuta amayesera makina a makasitomala pa monita imodzi. M'masitudiyo a wailesi, makompyuta nthawi zambiri amawaika m'chipinda china kuti phokoso la mafani lisalowe mu maikolofoni. Popeza chingwe cha USB 2.0 sichiyenera kupitirira mamita 5, apo pamafunika mtundu wotchedwa KVM extender, umene umatumiza zonse pa chingwe cha netiweki cha Cat5e kapena Cat6. Palinso KVM over IP, yolola katswiri kulowa mu seva ali kutali, ngakhale pamene Windows kapena Linux yakana kuyamba.

Zoyenera kuona musanagule

Choyamba yang'anani malo olowetsa zingwe kumbuyo kwa makompyuta anu. Akale ali ndi VGA kapena DVI, atsopano ali ndi HDMI kapena DisplayPort. Kabokosi ka VGA sikangalandire HDMI popanda chosinthira. Ngati monita yanu ndi ya 4K, HDMI 1.4 imangofika pa 30 Hz, pamene HDMI 2.0 imafika pa 60 Hz. Laputopu ya USB-C imatulutsa chithunzi pokhapokha ngati malo akewo ali ndi DisplayPort Alt Mode.

Funsaninso ngati kabokosiko kali ndi EDID emulation. Kopanda zimenezi kamachititsa kompyuta kuganiza kuti monita yazulidwa nthawi iliyonse mukasintha, ndipo mawindo anu amabalalika.

Chenjezo

KVM sikopera mafayilo kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake. Ngati mwalowetsa flash pa kabokosi, musasinthe kompyuta mafayilo akukopedwa, chifukwa flash imadulidwa mwadzidzidzi ndipo zolemba zanu zikhoza kuwonongeka. Kiyibodi ya Bluetooth imalumikizana ndi kompyuta mwachindunji, choncho siidutsa pa kabokosi. Pomaliza, kompyuta iliyonse imasunga makonzedwe akeake a kiyibodi: ngati mumalemba Chipwitikizi, sankhani kiyibodi ya Chipwitikizi pa makina onse, apo ayi ç ndi ã zidzatuluka pa imodzi yokha.

Njira yopanda kabokosi

Ngati kompyuta iliyonse ili kale ndi monita yake ndipo onse ali pa netiweki imodzi, mapulogalamu monga Synergy, kapena Mouse Without Borders ya Microsoft imene imagwira pa Windows yokha, amalola mausi kudutsa kuchoka pa monita ina kupita pa inzake. Koma netiweki ikagwa, nawonso amaleka. Kabokosi ka KVM ka pa tebulo sikadalira netiweki kapena intaneti.