Mphambano

Mphambano ndi malo pamene njira zimakumana kapena kugawikana. Kumudzi mawuwa salankhulidwa mwachibwana, pakuti pamphambano ndi pamene asing'anga amauza wodwala kukasamba mankhwala usiku kapena kukataya zotsalira zake, ndipo ana amalangizidwa kuti asatole kanthu pamenepo. Njanji itabwera, mawu omwewa anayenereranso malo pamene sitima imapatukira kunjanji ina.

Mphambano yotere inali pa Dona Ana, ku Mutarara m'dziko la Mozambique. Mlatho wa pa Zambezi, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa mu 1935, ndipo sitima zochokera ku Limbe zinayamba kufika ku Beira osatsitsanso katundu kuti awoloke pamadzi. Mu 1949 njanji yopita ku migodi ya malasha ku Moatize inayamba kupatukira pa Dona Ana pomwepo. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya, ndi anthu opita kukafuna ntchito, zonse zinkadutsa apa.

Nkhondo ya ku Mozambique ya m'ma 1980 inaimitsa sitimazo, mlathonso unawonongedwa. Kenako madzi osefukira a mu 1997 anadula njanji pa Chiromo, masiteshoni a kumunsi kwa Shire n'kumera udzu. Chondipweteka mtima ine ndi amayi amene ankagulitsa nsomba ndi nthochi pamawindo a sitima: msika wawo unatha tsiku limene sitima inaleka kuima. Malasha a ku Moatize anadzabwezeretsa sitima pamlathowo, koma katundu wa Malawi anali atazolowera kale mphambano ya ku Nkaya, yolowera ku Nacala.