Mbiri ya Liu la Cingelezi Lakuti "Dip"

Aphunzitsi anzanga, pa sukulu ina ya kufupi ndi Silverest, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chongwe, mphunzitsi analemba pa bolodi ciganizo ici: "The sun dipped behind the hill." Atafunsa tanthauzo lace, mnyamata wina woweta ng'ombe za atate wace anayankha molimba mtima kuti dzuwa linapita kukasamba ku dipi kuseri kwa phiri. Anzace anaseka, koma mwanayo sanasocere kwenikweni. Iye anadziwa nthambi imodzi ya liuli, tsinde lace osalidziwa. Tsono tiyeni tifukule tsindelo, kuti nafenso tingamapatse ana athu nthambi yokha.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angelezi akale anali kunena kuti dyppan. Liuli ndi la banja limodzi ndi deep, ndiko kunena kuya, ndipo tanthauzo lace linali kulowetsa cinthu m'madzi kanthawi kocepa ndi kucivuulanso. Apa mpamene lisiyana ndi kumira, pakuti comira sicibwerera. Lisiyananso ndi kuviika, pakuti coviikidwa cigonera m'madzi monga cimanga ca mphale. Abale ace a liuli akalipo m'zinenero zina: Adachi anena dopen, Ajeremani anena taufen, ndipo onse awiri atanthauza kubatiza. Liu lathu lakuti kubatiza nalonso linacokera ku liu la Cigriki lonena kumiza m'madzi.

Pa tsinde limeneli panaphuka nthambi zambiri, ndipo ife tiri ndi liu lacelace pa nthambi iriyonse. Munthu akasunsa mbamu ya nsima mu msuzi, Mngelezi ati dip. Mwana wa sukulu wa masiku akale akabiza nsonga ya peni yace mu inki, ati dip. Mai akatapa madzi mumtsuko, cikho caceco aciti dipper. Kale ku England makandulo anali kupangidwa pobiza cingwe m'mafuta osungunula kambirimbiri, ndipo makandulowo anali kuchedwa dips. Pambuyo pace liuli linatuluka m'madzi, nilinena ciriconse cotsika pang'ono: mseu wotsikira kukhwawa ndi kukweranso, nyali za galimoto zoweramitsidwa usiku, ngakhale dzuwa lolowa kuseri kwa phiri.

Nanga liuli linafika bwanji m'makola mwathu? Mu 1852 sing'anga wa ziweto dzina lace William Cooper, wa ku Berkhamsted m'dziko la England, anayamba kupanga mankhwala a ufa osungunula m'madzi, omizamo nkhosa kuti tizirombo ta m'ubweya tife. Mankhwalawo ndi malo omizirawo, zonse zinachedwa dip. Mu 1896 mliri wa rinderpest unaoloka Zambezi, nupha ng'ombe zosawerengeka kum'mwera. Pofuna kudzazanso makola, anthu anabweretsa ng'ombe zina pa sitima zapamadzi kudzera pa doko la Beira. Koma zina mwa izo zinadza ndi nthenda yatsopano, imene inabuka ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero, m'zaka za 1901 ndi 1902. Azungu anaicha East Coast fever, ife timaiti cigodola. Arnold Theiler wa ku Pretoria anasonyeza kuti kacirombo kace nkosiyana ndi ka nthenda zina zodziwika kale, ndipo Charles Lounsbury wa ku Cape anapeza kuti cofalitsa cace ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kukhala m'makutu a ng'ombe. Mankhwala ociritsa kunalibe. Njira inali kupha nkhupakupa. Cotero maboma anamanga maenje aatali a simenti, momwe ng'ombe ilumphira, nimira mutu ndi makutu omwe, nisambira kufikira itulukira tsidya lina. Onani kuti tanthauzo lakale lija labwerera lonse: kuya, kumiza kanthawi, ndi kuvuuka.

M'dziko lathu nthendayi inazindikirika koyamba kumpoto, ca ku Nakonde, mu 1922. Mtundu wina woopsa, umene Atonga auti denkete, unabuka m'boma la Monze ca mu 1977, nufalikira pambuyo pace kufikira m'cigawo ca Lusaka. Mabanja ambiri anataya ng'ombe zolimira, ndipo pamodzi ndi izo anataya cakudya ndi ndalama za sukulu za ana ao. Masiku ano alimi ambiri angowaza mankhwala ndi pampu, komabe mankhwalawo awachabe dipi. Liu lobadwa ku kuya tsopano linena mankhwala owaza pamalo popanda dzenje nkomwe.

Cifukwa cace, anzanga, pophunzitsa liu lotere musalembe tanthauzo limodzi pa bolodi ndi kupitirira. Bwerani ndi beseni la madzi m'kalasi. Mwana mmodzi abize cala, wina aponye mwala, wina aviike nsanza, ndipo ana anene okha amene wacita dip. Atatero, afunseni za dzuwa lija. Mukatha, musalephere kufunsa mnyamata woweta uja tsiku limene ng'ombe za kwao zinalandira dipi komaliza.