Alendo Obisika m'Masamba a Mitengo

Inu nonse omvera, a ku migodi ndi a m'matauni, bowa mumaudziwa, pakuti amai amauzula kuthengo mvula ikagwa. Cuku cimene cimera pa nsima yogonetsa mumacidziwanso. Koma ulipo bowa wina wa pfuko lomweli umene maso sauona. Uwu ukhala m'kati mwa tsamba lamoyo monga tiulusi tating'ono, ndipo tsambalo silidwala ai. Lero tikambe za umo anthu anaudziwira.

M'caka ca 1866 Mjeremani wina, dzina lace Anton de Bary, anacha zamoyo zokhala m'kati mwa zomera dzina lakuti endophyte. Zaka zambiri zinapita anthu osasamala za izo. Koma mu 1977 ku Georgia, m'dziko la America, Charles Bacon ndi anzace anapeza kuti ng'ombe zimene zinali kudwala ndi udzu wochedwa fescue zinabvutidwa ndi bowa wobisala m'udzumo. Pamenepo akatswiri anayamba kufunsa kuti, nanga m'mitengo muli ciani?

Yankho linacokera ku nkhalango za ku Panama. Mu 2000 Elizabeth Arnold ndi anzace analengeza kuti m'masamba 83 okha, ochola ku mitundu iwiri ya mitengo, anapezamo bowa wa maonekedwe osiyana 418. Mu 2003 anaonetsanso nchito ya alendowa pa mtengo wa koko. Tsamba liphuka lopanda bowa, ndipo mbeu zace zibwera ndi mphepo ndi mvula, nizilowa. Mbande zimene masamba ace analandira bowayu sizinaonongeke kwambiri ndi nthenda yoola masamba monga zinzace zopanda bowa. Mtengo upatsa bowa malo ndi cakudya, bowa nauchinjiriza mtengowo.

Mu 2011 ophunzira a ku Yale anasimba za bowa wina wa m'zomera za ku Ecuador umene ukhoza kudya mtundu wina wa pulasitiki. Akulu ananenadi kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsono nkhani iyi itikhudza bwanji ife a kuno? Mwaona malole odzala ndi zipika za mukula, zimene zambiri zinapita ku China. Mtengowu unadulidwa kopambana, kotero kuti mu 2019 maiko osonkhana ku Geneva, atapemphedwa ndi Malawi, anaulemba m'pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zimene zingathe kutha.

Wodula awerenga matabwa, koma masamba awasiya kuti aume pansi. Ngati masamba 83 anasunga alendo ocuruka cotero, taganizani za nkhalango yathunthu. Mtundu wa mtengo ukatha, bowa wodalira mtengowo wokha utha nao, usanapatsidwe ndi dzina lomwe, ndipo nchito yace sidzadziwikanso. Mukaona mukula uli ciimire, abale, kumbukirani kuti imeneyo ndi nyumba yokhalamo alendo.